Mafunso ndi mayankho: kusankha lenzi pojambula zithunzi zozungulira za madigiri 360

Chithunzi chozungulira, chija munthu amachitembenuza ndi chala pa foni n'kuona kutsogolo, kumbuyo, kudenga ndi pansi, sichituluka pa kamera wamba ndi kudina kamodzi. Mumajambula zidutswa zingapo muli malo amodzi, kenako pulogalamu ya pa kompyuta n'kuzisoka. Lenzi imene mwamanga pa kamera ndiyo imalamula kuchuluka kwa zidutswazo, kukula kwa chithunzi chomaliza ndi mavuto amene mukumane nawo posoka. Mafunso ali pansipa ndi a ojambula a muno mu Blantyre amene akufuna kuonetsa zipinda za malo ogona alendo, nyumba za lendi, maholo a ukwati, matchalitchi ndi mapiri otizungulirawa.

Kodi lenzi iliyonse ingagwire ntchito imeneyi?

Inde, malinga zidutswa zanu ziphimbe dera lonse: madigiri 360 mozungulira, ndi madigiri 180 kuchokera pamwamba pa mutu kufika kumapazi. Pulogalamu yosokera ilibe nazo kanthu kuti mwabwera ndi zidutswa 4 kapena 200. Zimakhudza inuyo, chifukwa chidutswa chilichonse chowonjezera ndi msoko wina umene ungalakwike, ndi nthawi ina yoti mtambo usunthe kapena munthu adutse. N'chifukwa chake ambiri amene amadyera ntchitoyi amathera pa fisheye.

Fisheye ikusiyana bwanji ndi lenzi yotambalala wamba?

Lenzi wamba, ngakhale yotambalala ngati 14mm kapena 10-18mm, inapangidwa kuti mzere wowongoka uzituluka wowongoka. Kuti zimenezo zitheke imakoka zinthu za m'mphepete mwa chithunzi, ndipo siingafike madigiri 180 zivute zitani. Pa kamera ya full frame, ija ya sensa yaikulu (sensa ndi kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera), 14mm imaona madigiri pafupifupi 104 mbali yaitali ndi 81 mbali yaifupi. Fisheye imalola mizere kupindika, ndiye imatha kupanikiza madigiri 180 pa sensa yomweyo.

Fisheye imatuluka m'njira ziwiri. Ina imajambula bwalo lozungulira pakati, m'mbali n'kutsala mwakuda. Ina imadzaza chithunzi chonse, madigiri 180 aja n'kukhala ochokera pa ngodya ina kufika pa ngodya yoyang'anizana nayo. Koma zimenezi zimadaliranso sensa. Sigma 8mm f/3.5 pa full frame imatulutsa bwalo lathunthu. Lenzi yomweyo pa kamera ya APS-C, ya sensa yocheperapo, monga Nikon D5300 kapena Canon 700D, bwalo lija limadulidwa m'mbali ndipo mdima umangotsala m'ngodya.

Ndijambule zidutswa zingati pa lenzi yanga?

Manambala otsatirawa ndi a kamera yoimikidwa choimirira, mbali yaitali ya chithunzi ikuloza kumwamba. Timaimika chonchi kuti mzere umodzi utenge dera lalikulu kuchokera kudenga kufika pansi.

Sigma 8mm pa full frame imakwana ndi zidutswa 3 zotalikirana madigiri 120, ngakhale 4 ndiye zabwino chifukwa m'mphepete mwa bwalo lija chithunzi chimafooka. Pa APS-C imafuna 4 zotalikirana madigiri 90. Mukadzutsa kamera m'mwamba ndi madigiri 5 denga limatsekeka lokha, n'kungotsala chidutswa cha pansi. Canon 8-15mm kapena Nikon 8-15mm itaikidwa pa 12mm pa full frame imachitanso chimodzimodzi.

Fisheye yodzaza chithunzi, monga 15mm kapena 16mm pa full frame, Nikon 10.5mm pa APS-C, kapena Samyang 7.5mm pa Micro Four Thirds (sensa yocheperapo kuposa APS-C), imafuna 6 zotalikirana madigiri 60, chimodzi cha kudenga ndi chimodzi cha pansi. Zonse pamodzi 8.

Apa pali msampha. Samyang 8mm f/3.5, imene imagulitsidwanso ndi dzina la Rokinon, yalembedwa 8mm ngati Sigma ija, koma kapindidwe kake ka kuwala n'kosiyana. Siipanikiza kwambiri zinthu za m'mphepete, ndiye pa APS-C siifika madigiri 180 mbali yaitali. Iwerengeni m'gulu la zidutswa 8, osati 4. Munthu akangotengera nambala ya pa lenzi amabwerera kunyumba ali ndi chibowo kudenga.

Mukachoka pa fisheye manambala amalumpha. 14mm wamba pa full frame imafuna mizere iwiri ya 6, wina wodzutsidwa ndi madigiri 30 wina woweramitsidwa ndi madigiri 30, kuphatikiza denga ndi pansi: 14. Lenzi ya 18mm pa APS-C imafuna mizere itatu ya zidutswa 10 kapena 12, ndiye zonse 32 kapena 38.

Zidutswa zizilowana mochuluka bwanji?

Pakati pa 25 ndi 30 pa 100 aliwonse. Telala sadula nsalu pa mzere penipeni, amasiya yopinda. Nanunso siyirani pulogalamu malo opezera mfundo zofanana pa zidutswa ziwiri ndi malo obisira msoko. Kupyola theka ndi kungodzichulukitsira ntchito, kupatula pamalo podzaza anthu, pomwe kulowana kwambiri kumakupatsani mwayi wosankha chidutswa chimene munthu watuluka wathunthu.

Chithunzi chomaliza chidzakula bwanji?

Izi mungawerengetsere musanagule lenzi. Pezani mapikiselo a pa milimita imodzi ya sensa yanu, chulukitsani ndi mamilimita a lenzi, kenako chulukitsani ndi 6.28. Yankho lake ndi m'lifupi mwa chithunzi chomaliza. Msinkhu wake nthawi zonse ndi theka la pamenepo.

Tengani kamera ya APS-C ya mamegapikiselo 24. Ili ndi mapikiselo 6,000 pa mamilimita 23.5, ndiye pafupifupi 255 pa milimita. Ndi 8mm mupeza chithunzi cha 12,800 kwa 6,400. Ndi 18mm mupeza 28,800 kwa 14,400, mamegapikiselo oposa 400. Kamera ya full frame ya mamegapikiselo 24 omwewo ili ndi mapikiselo 167 okha pa milimita, choncho 8mm imatulutsa pafupifupi 8,400, pomwe 15mm imatulutsa 15,700. Taonani: 8mm pa kamera yotchipa ya APS-C ikupereka chithunzi chachikulu kuposa 8mm pa full frame yodula, chifukwa pa full frame gawo lalikulu la sensa langojambula mdima.

Nanga mukufunika angati? Woonera saona chithunzi chonse nthawi imodzi. Pa sikirini pamakhala madigiri pafupifupi 90, gawo limodzi mwa magawo anayi. Chithunzi cha 8,000 chimapereka mapikiselo 2,000 pa sikirini, ndipo pa foni zimenezo n'zokwana. Kasitomala amene akufuna kuona chipinda cha ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe ali pa bandulo, sadikira fayilo ya mamegapikiselo 400. Kwa ife, pakati pa 8,000 ndi 12,000 ndi pomwe ntchito zambiri za m'tauni muno zimagona, ndipo pamenepo fisheye yakwanira kale.

Fisheye imapinda makoma. Kodi chithunzi chomaliza sichituluka chopindika?

Ayi. Pulogalamu imawerengera komwe kuwala kwa pikiselo iliyonse kunachokera n'kuyiika pamalo pake. Poonera, makoma amatuluka owongoka mofanana ndi mmene akanatulukira ndi lenzi wamba. Ngati akupendama, vuto ndi levulo, kutanthauza kuti chithunzi sichinayikidwe chilili, osati lenzi.

Misoko ikuduka pa mafelemu a mawindo ndi pa matailosi. Lenzi yanga ndi yoipa?

Kawirikawiri ayi. Vuto ndi pomwe lenziyo yakhala pamene mukuzungulitsa. M'kati mwa lenzi iliyonse muli malo amodzi amene kamera imaonera dziko. Mukasuzumira kutsogolo kwa lenzi mudzaona kabowo kolowera kuwala, ndipo ndi pamenepo. Ambiri amati nodal point. Kamera ikazungulira pa malo amenewo, chinthu chapafupi ndi chakutali zimakhala pa mzere umodzimodzi m'zidutswa zonse. Ikazungulira pa sikuluwu ya pansi pa kamera, monga zimakhalira pa tripod wamba (choimikira kamera cha miyendo itatu), diso la lenzi limasuntha, chapafupi n'kusuntha poyerekeza ndi chakutali, ndipo palibe pulogalamu ingagwirizanitse zonse ziwiri.

Kuphonya pang'ono kumaoneka. Mukaphonya ndi mamilimita 5 pa zidutswa zotalikirana madigiri 60, chinthu chimene chili mita imodzi kuchokera pa kamera chimasuntha mapikiselo pafupifupi 10 pa chithunzi cha 12,800. Chimene chili mamita 50 sichisuntha ngakhale pikiselo imodzi. N'chifukwa chake munthu amasoka bwinobwino chithunzi cha pa Kamuzu Stadium, koma bafa ya m'nyumba n'kumukanika.

Chida chake ndi panoramic head, kapena kuti hedi, chitsulo chokhala ndi njanji ziwiri zosunthira kamera, monga za Nodal Ninja kapena Manfrotto 303SPH. Kuchuna kwake kuli motere. Choyamba lozetsani kamera pansi tsonga, n'kusuntha njanji ya pansi mpaka pakati pa chozungulitsira pafike pakati penipeni pa chithunzi. Kenako dzutsani kamera iyang'ane kutsogolo, muyiike masentimita 40 kapena 50 kuchokera pa chitsulo cha pawindo, ndipo kunja musankhe pholo la magetsi lomwe lili mamita 20 kapena kuposa. Jambulani kamera itapotolokera kumanzere, mujambulenso itapotolokera kumanja, mukulitse zithunzi zonse ziwiri n'kuona mpata wa pakati pa chitsulo ndi pholo. Ngati popotolokera kumanja chitsulo chasunthira kumanzere kwa pomwe chinali poyerekeza ndi pholo, kamera yapita patsogolo kwambiri; ibwezeni m'mbuyo. Chikasunthira kumanja, ikankhireni kutsogolo. Sunthani mamilimita awiri awiri, pomaliza imodzi imodzi, mpaka mpatawo usasinthe. Lembani nambala ya pa njanji.

Fisheye ili ndi khalidwe lake apa. Malo aja sakhala pamodzi: kuwala kochokera m'mbali kumaona kabowo kali patsogolo pang'ono kusiyana ndi kuwala kochokera kutsogolo, ndipo kusiyanako kumafika mamilimita angapo. Choncho chunani pa ngodya yomwe misoko idzagwere. Ngati mumajambula 6, potolokani madigiri 30 mbali iliyonse poyesa. Ngati ndi 4, madigiri 45. Tanthauzo lake n'lakuti mukasintha kuchuluka kwa zidutswa muyenera kuchunanso. Pa fisheye zambiri malowa ali pafupi ndi galasi la kutsogolo, ndipo pa Sigma 8mm ndi Nikon 10.5mm mungayambire pa mkombero wagolide uja.

Ndilibe panoramic head. Ndingachite bwanji?

Apa ndi pomwe lenzi yaifupi imapulumutsa. Ndi fisheye ya zidutswa 4, mangani ulusi kutsogolo kwa lenzi, kumapeto kwake mumangirire nati yolemera, pansi muike kobiri. Inuyo muzizungulira kobiriyo, nati ikulendewera pamwamba pake penipeni pa chidutswa chilichonse. Panja, pomwe chinthu chapafupi chili mamita atatu kapena kuposa, zimasokeka bwino. Ndi zidutswa 38 njira imeneyi musayese n'komwe.

Njira ina ndi kupangitsa. Lenzi imodzi pa kamera imodzi siifuna njanji zosuntha, imangofuna chitsulo chopindidwa ngati L chokhala ndi mabowo pamalo oyenera. Amisiri a zitsulo a ku Ndirande angakupangireni mutawapatsa miyezo: mtunda wochokera pansi pa kamera kufika pakati pa lenzi, ndi wochokera pa bowo la sikuluwu kufika pa malo aja a lenzi. Sikuluwu ya kamera ndi ya 1/4-20, osati ya mamilimita, ndiye pitani nayo yanu. Bowo limodzi alipange lalitali kuti mukhale ndi posunthira, ndipo chitsulocho chikhale chochindikala. Chopyapyala chimawerama ndi kulemera kwa lenzi, misoko ya pansi n'kumaduka.

Ndili ndi 18-55mm yobwera ndi kamera. Ndiyambe nayo kapena ndidikire fisheye?

Yambani nayo, pa 18mm. Jambulani mzere wapakati kamera ili chilili, wina wodzutsa madigiri 45, wina woweramitsa madigiri 45, uliwonse zidutswa 12 zotalikirana madigiri 30, kenako denga ndi pansi. Chithunzi chake chimatuluka chakuthwa kuposa cha fisheye, ndipo pa nyumba ya zokongoletsa zambiri monga tchalitchi cha St Michael and All Angels, chomangidwa ndi njerwa pakati pa 1888 ndi 1891, kapena Mandala House ya 1882, tinthu ting'onoting'ono ta pakhoma timaoneka bwino.

Mtengo wake ndi nthawi. M'chipinda chokhala ndi mawindo owala mufunika kujambula chidutswa chilichonse katatu, chakuda, chapakati ndi chowala, kuti kunja kusapse. Zidutswa 38 zasanduka 114, pomwe wa fisheye ali ndi 24. Mafayilo 38 okha a RAW, aja osakonzedwa ochokera pa sensa, ndi pafupifupi gigabayiti imodzi, ndipo laputopu ya memore yochepa imatenga nthawi yaitali kusoka. Ngati kasitomala ali ndi zipinda 15 zoti mujambule tsiku limodzi, lenzi imeneyi siikufikitsani.

Lenzi ya zumu ili ndi vuto lanji?

Ikasuntha pang'ono pakati pa ntchito, zidutswa zimakhala za kukula kosiyana. Imakonda kutsetsereka yokha mukalozetsa kamera kudenga kapena pansi. Matani mkombero wa zumu ndi tepi, ndipo gwiritsani ntchito kumapeto kwake, monga 18mm kapena 10mm, komwe mungabwerereko mosaphonya tsiku lina. Malo ozungulirapo aja amasinthanso ndi zumu, ndiye nambala ya pa njanji ya 18mm si ya 24mm.

Zimitsaninso chochepetsa kugwedera, chija cholembedwa IS, VR kapena OSS. Chimasuntha magalasi a m'kati, pakati pa chithunzi n'kumasiyana chidutswa ndi chidutswa.

Fokasi ndi f ziikidwe pati?

Fokasi ikhale ya pamanja, yomatidwa ndi tepi, chifukwa pa malenzi ambiri kusintha fokasi kumasinthanso pang'ono kukula kwa dera looneka. Pa 8mm ndi f/8 (f ndi nambala ya kukula kwa kabowo kolowera kuwala) pa APS-C, mukaika fokasi pa mita imodzi zinthu zimaoneka bwino kuyambira masentimita pafupifupi 30 mpaka kutali konse. Pa 18mm ndi f/8 ikani pa mamita awiri, ndipo zakuthwa ziyambira pa mita imodzi. Pa 50mm mtunda woikapo fokasi kuti zakutali zikhale zakuthwa umafika mamita oposa 15, kutanthauza kuti pansi pomwe mwaimapo sipangakhale pakuthwa limodzi ndi phiri lakutali. Musathamangire f/16 kapena f/22. Pa APS-C kupyola f/11 chithunzi chonse chimayamba kufewa.

Manambala a fokasi olembedwa pa fisheye zotchipa nthawi zina amanama. Yesani pokulitsa chithunzi pa sikirini ya kamera, mukapeza poyenera mulembe chizindikiro chanu. Shata, ISO (mphamvu yolandirira kuwala) ndi white balance (kachunidwe ka mitundu) nazonso zikhale za pamanja ndi zofanana pa zidutswa zonse.

M'chipinda cha makoma oyera pulogalamu ikukana kusoka. Chifukwa chiyani?

Pulogalamu imasoka pofufuza mfundo zofanana pa zidutswa zoyandikana: ngodya ya chitseko, soketi, mng'alu. Ndi 18mm, chidutswa china chimangotenga khoma la laimu lokhalokha kapena siling'i yoyera, mopanda chogwira. Thambo lopanda mitambo limachitanso zomwezo. Fisheye sikumana ndi vutoli kawirikawiri popeza chidutswa chilichonse chimatenga denga, khoma ndi pansi nthawi imodzi.

Pothawira pake n'kusunga template, fayilo yosunga kasokedwe kamene kanatheka kale. Sokani kamodzi malo odzaza zinthu ndi lenzi yomweyo, pa hedi yomweyo, ndi madigiri omwewo, musunge zotsatira zake, ndipo pa chipinda chovutacho mungoziika. Izi zimatheka pokhapokha hedi yanu ili ndi mano oimitsa kamera pa madigiri ofanana nthawi zonse. Kapena matani tizidutswa ta tepi ya mtundu pakhoma, n'kudzatifufuta pa kompyuta.

Nanga pamalo podzaza anthu, monga mu msika wa Limbe kapena pa Wenela?

Zidutswa zochepa, basi. Zinayi mungazimalize m'masekondi ochepa, ndipo pali misoko inayi yokha pomwe munthu angadulidwe pakati. Ndi mizere itatu mutu wa munthu umakhala mu mzere wina, miyendo yake mu wina, ndipo pofika mzere wachiwiri mwini wake wapita kale. Zungulirani motsutsana ndi komwe anthu ambiri akulowera kuti munthu mmodzi asatuluke kawiri, ndipo jambulani mbali iliyonse kawiri kuti mukhale ndi chosankha pobisa. Pemphani kaye kwa eni malo ndi ogulitsa. Fisheye imatenga aliyense, ngakhale amene akuganiza kuti ali kumbali.

Dzuwa ndi fumbi zimavuta bwanji pa fisheye?

Pa chithunzi chozungulira dzuwa silithawika, limakhalamo ndithu. Funso ndi la mmene lenzi imalilandirira. Ina imangoonetsa kadontho kamodzi kobiriwira, ina imachita chifunga theka la chithunzi, ndipo chifungacho chikakhala pa chidutswa chimodzi chokha msoko umaonekera. Konzani kuti dzuwa ligwere pakati pa chidutswa, osati pa msoko. Mungathenso kujambula chidutswacho kawiri, kachiwiri mutatchinga dzuwa ndi chala, n'kutenga mbali zoyera pa chachiwiricho.

Blantyre ili madigiri pafupifupi 16 kummwera kwa equator, ndiye kumayambiriro kwa Novembala ndi kwa Febuluwale dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni. Nthawi imeneyo limagwera m'chidutswa cha kudenga ndipo mthunzi wa tripod umabisala pansi pake, zomwe zimachepetsa ntchito yofufuta. Mu Juni ndi Julayi limapendekera kumpoto, mthunzi wanu ndi wa tripod n'kutalika. Imani kumbuyo kwa kamera mosinthasintha kuti mthunzi wanu usakhale pamalo amodzi m'zidutswa ziwiri.

Fumbi la Seputembala ndi Okutobala ndi mdani wa fisheye. Popeza lenziyi imaona bwino ngakhale zapafupi kwambiri, kachitsotso ka pagalasi la kutsogolo kamaoneka, makamaka dzuwa likawalira, ndipo kamabwerezedwa kanayi kapena kasanu ndi kamodzi kuzungulira chithunzi. Timadontho ta chiperoni timachitanso chimodzimodzi. Pemererani ndi kapampu musanapukute, apo ayi mchenga ukanda galasi. Galasi lotukumukalo sililola fyuluta yoteteza, ndiye chivundikiro chibwerere mukangomaliza. Polarizer, fyuluta yochepetsa kunyezimira, musaike pa lenzi iliyonse pa ntchitoyi: imadetsa thambo mosiyana malinga ndi komwe dzuwa lili, thambo n'kutuluka la mawangamawanga.

Ndikufuna kujambula tauni yonse ndili pa Soche kapena pa Michiru. Lenzi yaitali siingakhale bwino?

Ingakhale bwino ngati cholinga ndi choti woonera akulitse mpaka kuona nyumba imodzi imodzi ya ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa. Koma werengerani kaye. 50mm pa APS-C imaona madigiri pafupifupi 18 kwa 26, ndiye kuzungulira konse ndi zidutswa pafupifupi 200, ndipo m'lifupi mwake mumafika mapikiselo 80,000, kupyola malire a JPEG omwe ndi 65,535. Mufunika fayilo ya mtundu wa TIFF kapena PSB, ndi pulogalamu yoonetsera yodula chithunzi m'timagawo.

Njira yanzeru ndi kusakaniza. Jambulani dera lonse ndi fisheye, kenako lamba wa tauni yekha ndi lenzi yaitali. Mapulogalamu osokera a PTGui ndi Hugin amalola malenzi osiyana m'ntchito imodzi. Palibe chifukwa chothera zidutswa 80 pa thambo lopanda kanthu.

Mpweya nawo uli ndi malire ake. M'miyezi yotentha utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimaphimba zakutali, ndipo lenzi yaitali imangokulitsa chifungacho. M'mawa wotsatira mvula, kapena mu Epulo ndi Meyi, ndi pomwe Chiradzulu ndi mapiri ena akutali amaoneka bwino.

Mu pulogalamu ndiike chiyani za lenzi?

Hugin ndi yaulere, PTGui ndi yogula; zonse zinachokera ku Panorama Tools ya Helmut Dersch. Zimawerenga mamilimita a lenzi mu fayilo, koma malenzi a pamanja opanda mawaya olankhulira ndi kamera, monga Samyang zambiri, salemba kanthu. Lowetsani nokha mamilimita ndi kukula kwa sensa, ndipo sankhani mtundu woyenera: fisheye yozungulira, yodzaza, kapena stereographic pa Samyang 8mm. Mukasiya pa lenzi wamba, zotsatira zake zimakhala zosokonekera kotheratu. Pa fisheye yozungulira ikani bwalo lodulira m'kati pang'ono mwa m'mphepete, kuti mkombero wakuda ndi wabuluu uja usalowe m'msoko.

Lolani pulogalamu ichune yokha manambala a, b ndi c, okonza kupindika, komanso d ndi e, okonza kusakhala pakati kwa lenzi pa sensa. Awiri omalizawa ndi ofunika kwambiri pa fisheye. Kuphonya kwa mfundo kukakhala pansi pa mapikiselo 2 zili bwino.

Pokonza RAW musanasoke, chotsani timizere tofiirira ndi tobiriwira ta m'mphepete, chifukwa pa fisheye timachuluka kumene misoko imagwera. Koma musawongole kupindika kwa lenzi, musadule chithunzi, ndipo zosintha zonse zikhale zofanana pa zidutswa zonse.

Tripod ikuoneka pansi. Lenzi ingathandize?

Pang'ono. Fisheye yaing'ono yomangidwa ndi mkombero wogwira lenzi yeniyeniyo, monga Nodal Ninja R1, imasiya chibowo chaching'ono kusiyana ndi hedi ya njanji ziwiri. Kuti mutseke, chotsani tripod, mujambule pansipo mutatambasula dzanja pa msinkhu womwewo, kapena cham'mbali pang'ono. PTGui Pro ili ndi viewpoint correction, yokonza chidutswa chojambulidwa kamera ili pamalo ena n'kuchigoneka pamalo pake, malinga pansi pakhale pafulati ndipo mfundo zonse muziike pansi pomwepo, osati pa mipando. Pa simenti yopolishidwa yopanda zizindikiro, ikani makobiri anayi mozungulira tripod musanayambe.

Bwanji osangogula kamera ya 360 ya malenzi awiri?

Makamera monga Ricoh Theta ndi Insta360 ali ndi fisheye ziwiri zoyang'ana mbali zosiyana, ndipo amamaliza ndi kudina kamodzi. Pa anthu oyenda ndi pa ntchito yothamanga palibe chowaposa. Koma malenzi awiriwo sangakhale pa malo amodzi, ndiye chinthu chapafupi kwambiri chikagwera pa msoko chimaduka. Lozetsani lenzi imodzi ku chinthu chofunika, msoko ugwere kumene kuli kutali. Sensa zake n'zazing'ono: Theta Z1 imatulutsa 6,720 kwa 3,360, pafupifupi theka la m'lifupi mwa 8mm pa APS-C. M'chipinda cha mdima kusiyanako kumaonekera.

Pogula fisheye yogwiritsidwapo kale ndiyang'ane chiyani?

Choyamba kamwa yake igwirizane ndi kamera yanu: Canon EF, Nikon F, Sony E ndi zina. Adaputa yopanda galasi siisintha chithunzi, imangosintha nambala ya pa njanji. Fokasi yodzichitira yokha simukuifuna, ndiye lenzi ya pamanja yotchipa siikuchotserani kanthu.

Walitsani tochi pagalasi la kutsogolo. Kukandika kumene pa lenzi yaitali sikukanaoneka, pa fisheye kumaoneka. Suzumirani m'kati ngati muli chuku chooneka ngati ulusi wa kangaude, chomwe chimamera lenzi ikasungidwa m'chikwama chachinyezi nthawi ya dzinja. Jambulani khoma la njerwa pa f/8, muyerekeze kumanzere ndi kumanja: mbali imodzi ikafewa kuposa inzake, magalasi anasuntha, ndipo msoko uliwonse udzalumikiza mbali yakuthwa ndi yofewa. Onaninso chotchinga dzuwa. Pa Nikon 10.5mm n'chomatirira, ndipo ena amachicheka kuti aigwiritse ntchito pa full frame. Yochekedwa bwino ilibe vuto, koma chivundikiro chake chakale sichigwiranso. Samyang 8mm ya CS II chotchingacho chimachoka chokha.

Magalasi otchipa omangirira kutsogolo kwa 18-55mm kapena opanira pa foni, olembedwa 0.25x kapena fisheye, asiyeni. Pakati amaoneka bwino, koma m'mphepete, momwe pulogalamu imafufuza mfundo zosokera, ndi mofewa ndi modzaza mitundu, ndipo sakhala pakati mofanana mukamangitsanso, choncho template ya dzulo siigwira lero.